Mutu Umandiwawa Ndikakhala mu Ofesi

Funso: Mu ofesi yathu ya mu Cairo Road ku Lusaka timakhalamo anthu 12, mazenera ali chitsekere poopa fumbi. Masana mutu umandiwawa, koma ndikafika kunyumba umaleka. Kodi vuto ndi makina oziziritsa mpweya?
Wowerenga wa ku Chilenje

Yankho: Makinawo sitingawaimbe mlandu okha. Ambiri mwa makina opachika pakhoma amangoziziritsa mpweya womwe uli kale m'chipindamo osalowetsa watsopano, choncho mpweya wa carbon dioxide umene nonse mumatulutsa popuma umangochulukirachulukira. Panja mpweyawu umakhala pafupifupi 420 ppm (kutanthauza magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse), ndipo ukapitirira 1,000 ppm m'chipinda, ndi chizindikiro chakuti mpweya wabwino sukulowa mokwanira.

Muzitsegula mazenera a mbali ziwiri zoyang'anizana m'mawa ndiponso pa nthawi ya nkhomaliro, ngakhale m'miyezi ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo mupemphe abwana kuti masefa a makinawo azitsukidwa, chifukwa ambiri amakumbukiridwa pokhapokha akayamba kununkha nkhungu.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi jenereta. Ngati imayatsidwa pafupi ndi zenera magetsi akathima, isunthidwe msanga, popeza utsi wake umakhala ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo koma umapha. Mutu ukapitiriza kuwawa, kaonaneni ndi dokotala.