Ma option a masheya kwa antchito: muwalembe bwanji m'mabuku?

Achimwene, mwafunsa ngati pali cholemba m'mabuku kampani ikalonjeza antchito ma option a masheya (ufulu wodzagula masheya a kampani pa mtengo wogwirizana kale) koma ndalama isanatuluke. Chilipo ndithu. IFRS 2, lamulo la kalembedwe ka mabuku a ndalama lokhudza malipiro a masheya, imawawerengera ngati malipiro, ngakhale tambala isadutse ku banki.

Mtengo wa option iliyonse mumaupeza pa tsiku lomwe mwagwirizana ndi antchito, kawirikawiri pogwiritsa ntchito njira ya masamu yotchedwa Black-Scholes, ndipo simuusinthanso. Tinene kuti antchito ndi 100, aliyense ma option 1,000, mtengo wa option iliyonse mwaupeza kuti ndi K30, ndipo ayenera kugwira ntchito zaka 3 kuti awalandire. Mukuyembekezera kuti 90 adzatsala. Zonse pamodzi ndi K2,700,000, ndiye chaka choyamba mulembe K900,000 pa malipiro, mbali inayo ku reserve ya equity (gawo la eni kampani m'mabuku). Chaka chachiwiri ambiri asiya ntchito, mwatsitsa chiyembekezo kufika 84, zonse pamodzi n'kukhala K2,520,000. Magawo awiri mwa atatu a K2,520,000 ndi K1,680,000. Chotsanipo K900,000 ya chaka chatha, mulembe K780,000.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: sheya ikakwera pa Malawi Stock Exchange, amakweza K30 ija. Musatero. Zimenezo zimachitika pokhapokha ngati antchito adzalipidwa ndalama m'malo mwa masheya. Pamenepo ndi ngongole, ndipo mumaiwerengeranso kumapeto kwa chaka chilichonse mpaka italipidwa.

Samalaninso ndi volatility, kukula kwa kusinthasintha kwa mtengo wa sheya, yomwe imalowa m'mawerengedwe a Black-Scholes. Masheya ena kuno ku Blantyre sagulitsidwa pafupipafupi, choncho mbiri ya mtengo wake imaoneka yokhazikika kuposa momwe zilili, option n'kutuluka yotsika mtengo. Ma auditor adzakufunsani komwe mwatenga nambalayo, sungani mawerengedwe anu onse.