Kontrakitala walowa m'munda mwanu, miyezi itatu ikutha

Bambo, mwalemba kuti bungwe lopereka madzi m'dera lanu lapatsa kontrakitala ntchito yomanga thanki, ndipo akumba kale m'munda mwanu popanda msonkhano kapena chipukuta misozi. Ku ofesi akuti mukafunse kontrakitala, kontrakitalayo akuti iye ndi waganyu chabe.

Kukankhirana kotereku kumanditopetsa. Bungwelo limagwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995, ndipo kulemba kontrakitala sikulichotsera udindo. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko limati katundu wa munthu salandidwa popanda chidziwitso chokwanira ndi chipukuta misozi choyenera. Gawo 43 limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zolembedwa.

Koma m'kalata yanu simunatchule tsiku lililonse, ndipo ndi pamenepo milandu yotere imafera. Kuti High Court iunikenso chiganizo cha bungwe la boma, malamulo a khoti a 2017 amafuna kuti pempho lifike pasanathe miyezi itatu chiganizocho chitapangidwa. Makalata odandaula saimitsa nthawiyo. "Tikuonabe nkhani yanu" ya kalaliki sayiimitsanso. Ndaonapo anthu a mlandu wabwino ndithu akubwezedwa woweruza asanamve n'komwe za mundawo, chifukwa anatha theka la chaka akupondaponda ku ofesi. Amalume anu amene akuti mudikire amfumu akambirane ndi mabwanawo sadzaima nanu pamaso pa woweruza. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi pakakhala chifukwa chomveka, koma musadalire zimenezo. Ngakhale mutafika pa nthawi yake, mwina silingaimitse thankilo, lingangolamula kuti akulipireni.

Sabata ino lemberani bungwelo, osati kontrakitala, ndipo kope lanu alidinde. Pansi pa lamulo la Access to Information pemphani tsiku la chiganizocho, pepala lowerengera mbewu ndi mitengo yanu, ndi lipoti la kafukufuku wa zachilengedwe ngati ntchitoyo ili m'gulu lomwe lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna chilolezo cha MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe. Nkhani ya kafukufuku yomweyi ndi imene Malawi Law Society inapitira kukhoti mu 2017 pa ntchito yokoka madzi ku Salima kupita ku Lilongwe. Jambulani mundawo. Musasaine pepala lopanda chiwerengero cha ndalama, ndipo musatseke njira ya magalimoto awo, mungagone kupolisi. Mukakayikira mmene kontrakitalayo anapezera ntchito, kumeneko ndi ku PPDA, bungwe loyang'anira kaperekedwe ka makontrakiti a boma, kapena ku ACB, bungwe lothana ndi katangale, koma munda sakubwezerani. Ngati ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau ndi mapepala onse.