Kodi lonjezo la riferendamu lingapambanitse chipani?

Achimwene, mwafunsa ngati chipani chingasinthe zotsatira za chisankho pongolonjeza kuti chikalowa m'boma chidzachititsa riferendamu pa nkhani imene yagawanitsa anthu. Ine ndikuti chingathe. Koma lonjezo lotere kawirikawiri silikopa anthu atsopano ambiri. Ntchito yake yaikulu ndi kubweza anthu ako omwe, amene anakwiya n'kuthawira ku kachipani kena chifukwa cha nkhani imodzi yokhayo.

Taonani za ku Britain. Mu January 2013, nduna yaikulu David Cameron analonjeza kuti chipani chake cha Conservative chikapambana, anthu adzavota ngati dzikolo likhalebe mu European Union (EU), bungwe la mayiko a ku Ulaya, kapena lituluke. Iye mwini sankafuna kutuluka ayi. Chimene chinkamusowetsa tulo ndi chipani cha UKIP cha Nigel Farage, chofuna kuti dzikolo lituluke mu EU, chomwe chinkamudyera mavoti. Mu 2014 UKIP inakhala nambala wani pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, ndipo chaka chomwecho aphungu awiri a Cameron, Douglas Carswell ndi Mark Reckless, anamuthawa n'kulowa UKIP.

Apa m'pamene kawerengedwe ka mavoti kamalowera. Ku Britain dera lililonse limapita kwa amene wapeza mavoti ochuluka, ngakhale atapambana ndi voti imodzi. Ndiye taganizani munthu amene mtima wake uli ku UKIP, waima m'kachipinda kovotera, pepala lili m'manja. Akudziwa kuti kudera kwake UKIP siipambana. Akudziwanso kuti Ed Miliband, mtsogoleri wa chipani cha Labour pa nthawiyo, wakana zolonjeza riferendamu yoteroyo. Akavotera UKIP, ndiye kuti wathandiza Labour, riferendamu yapita. Anthu otere akangokhala mazana ochepa m'dera limene zipani zikupanikizana, mpando wasintha mwini. Mu 2015 a Conservative anapeza mipando 330, pomwe yofunika kuti ulamule wekha ndi 326. UKIP inapeza mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni koma mpando umodzi basi.

Komabe tisamanamizane kuti linali lonjezo lokhalo. A Liberal Democrats anagwa kuchoka pa mipando 57 kufika pa 8, ndipo yambiri mwa iyo inapita kwa Cameron. Ku Scotland, chipani cha komweko cha Scottish National Party (SNP) chinasesa mipando 56 mwa 59. Ine ndimaona kuti lonjezolo linangotseka pamene pankadontha, koma popeza kusiyana kunali kochepa chonchi, kutsekako kunali kokwanira.

Zinachitikaponso mu February 1974. Labour ya Harold Wilson inalonjeza kukambirananso za umembala wa dzikolo m'bungwe la mayiko a ku Ulaya ndi kufunsa anthu maganizo awo. Enoch Powell, yemwe anali wa Conservative, anauza omutsatira kuti avotere Labour. Labour inapeza mipando 301, Conservative 297.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi cha 2019, chifukwa anthu amakonda kuchiiwala. Labour ya Jeremy Corbyn inalonjeza riferendamu yachiwiri pa Brexit, kutanthauza kutuluka kwa Britain mu EU, kumene anthu anali atakuvomereza kale pa riferendamu ya mu 2016. Kwa amene ankafuna kukhalabe mu EU zinali zomveka bwino. Nanga anthu a m'matauni a migodi kumpoto ndi pakati pa England, omwe anavotera kutuluka mu 2016? Iwo anamva ngati akuuzidwa kuti voti yawo yoyamba ija inali yolakwika, akavotenso. Corbyn atanenanso kuti pa riferendamuyo sadzaima mbali iliyonse, zinangoipiraipira. Labour inatsala ndi mipando 202, yochepetsetsa chiyambire 1935. Ngakhale dera la Bolsover, kumene Dennis Skinner wa Labour anakhala phungu kuyambira 1970, linapita kwa a Conservative. Kunena zoona, Corbyn analinso ndi mavuto ena, koma lonjezo limeneli linamuthamangitsira anthu ake enieni.

Choncho mukafuna kulosera, funsani kuti anthu ofuna riferendamuyo akukhala m'madera ati, panopa akuvotera ndani, ndipo kodi akukhulupirira kuti wolonjezayo adzachitadi? Funsaninso kuti ndi angati a m'chipani momwemo amene lonjezolo liwanyansa. Kumene mipando imagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa mavoti a chipani m'dziko lonse, mphamvu ya lonjezo lotere imachepa, chifukwa wovotera kachipani kakang'ono saopa kuti voti yake itayika.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti nkhani yaikulu ya tsogolo la dziko imasanduka nyambo yopezera mipando. Cameron anapambana, anayenera kukwaniritsa, ndipo pa 23 June 2016 anthu pafupifupi 52 pa 100 alionse anavotera kutuluka. M'mawa mwake analengeza kuti atula pansi udindo.