Mafupa a nyamalikiti ku Greece anafikako bwanji?

Achimwene, mwafunsa ngati nyamalikiti, afisi ndi zipembere zimene mafupa ake anapezeka ku Greece zinachokera ku Africa. Zambiri mwa izo sizinali zobwera ayi, kwawo kunali konko.

Malo mukunenawo ndi Pikermi, pafupi ndi Athens, kumene wasayansi wa ku France Albert Gaudry anakumba mu 1855 ndi 1860. Mafupawo ndi a zaka pafupifupi 7 miliyoni zapitazo, chakumapeto kwa nyengo ya Miocene. Gawo lomaliza la nyengoyi linayamba zaka 11.6 miliyoni zapitazo n'kutha zaka 5.3 miliyoni zapitazo. Panthawiyo dziko linkauma, nkhalango zowirira zikuchepa, m'malo mwake kukubwera tchire la mitengo ya patalipatali. Nyama zokonda tchire lotero zinafalikira modabwitsa. Zangati za ku Pikermi zapezekanso pachilumba cha Samos, ku Maragheh m'dziko la Iran, mpaka kumpoto kwa China. Panali fisi wamkulu wotchedwa Adcrocuta, chipembere chopanda nyanga chotchedwa Chilotherium, ndi abale a nyamalikiti angapo, ena a khosi lalifupi monga Samotherium.

Ine imene imandigwira mtima kwambiri ndi Hipparion, kavalo wa zala zitatu kuphazi lililonse. Anachokera ku North America, n'kuwoloka pa Bering, pakati pa Alaska ndi Siberia, pomwe panali pouma zaka pafupifupi 11 miliyoni zapitazo, ndipo posakhalitsa anali atadzaza Asia, Ulaya ndi Africa. Anachuluka kwambiri moti asayansi akapeza dzino lake m'miyala amadziwiratu kuti miyalayo si yakale kuposa nthawi imene iye anafika. Komatu mbidzi za lero si zidzukulu zake. Makolo a mbidzi analowa mu Africa mochedwa, zaka zosakwana 3 miliyoni zapitazo.

Ulendo sunali wolowera kumodzi. Fuko la njovu ndi la mu Africa, ndipo linatuluka kale, Africa ndi Arabia zitagundana ndi Asia zaka pafupifupi 19 miliyoni zapitazo. Arabia ndiye anali mphambano. Ku Baynunah ku Abu Dhabi, kumene lero ndi mchenga wokhawokha, kwapezeka mafupa a mvuu ndi ng'ona, ngakhalenso mapazi a gulu la abale a njovu likuyenda limodzi.

Chenjezo langa ndi ili: musaganize kuti nyama za lero za m'tchire la Serengeti ku Tanzania zili chabe nyama za ku Pikermi zimene zinangosamuka. Mafupa a ku Lothagam ku Kenya ndi ku Toros-Menalla ku Chad, kumene Sahelanthropus, amene amaganiziridwa kuti ndi mbale wakale kwambiri wa anthu, anapezeka mu 2001, akusonyeza kuti Africa inali ndi mvuu, nguluwe ndi njovu zakezake, zimene zinasakanikirana ndi zobwerazo. Asayansi akutsutsanabe pa kukula kwa gawo la mbali iliyonse.

Ku Ulaya nyama za Pikermi zinazimiririka Miocene akutha, cha m'nthawi imene nyanja ya Mediterranean inaphwa, kuyambira zaka 5.96 miliyoni zapitazo. Chinyezi chitabwerera nkhalango zinameranso, ndipo nyamalikiti zinatsala kumene tchire linapitirira.