Magazi onsewa ndi a chiyani m'buku?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti akuwerenga buku la nkhani yopeka, lija lolembedwa mwachilendo, lodumphadumpha nthawi, lopanda chiyambi chodziwika bwino, ndipo pakati pake akumana ndi masamba atatu ofotokoza mwatsatanetsatane mmene munthu anaphedwera. Akufunsa kuti: "Kodi zonsezi n'zofunika, kapena wolembayo akungofuna kutidzidzimutsa?"

Mayi, kukayika kwanu kuli ndi mutu. Alipo olemba amene nkhani ikawathera amathira magazi kuti owerenga asawodzere. Ndiye poti bukulo ndi "lachilendo", wowerenga amangokhala chete poopa kuoneka mbuli.

Mkanganowu ndi wakale. Ulysses, nkhani yopeka ya James Joyce, inatuluka ku Paris mu 1922, koma ku America inali yoletsedwa mpaka 1933 pamene woweruza John Woolsey anagamula kuti si yolaula. Naked Lunch ya William Burroughs, ya mu 1959, inapulumuka kukhoti lalikulu la Massachusetts mu 1966. Komatu makhoti ankayankha zoti buku ligulitsidwe kapena ayi. Funso lanu ndi lina: masamba atatuwo akugwira ntchito yanji?

Ine ndikakayika ndimaphimba ndimeyo ndi dzanja n'kupitiriza kuwerenga. Nkhani ikayenda osatsimphina, ndimadziwa kuti magaziwo anali ongokometsera.

Pali buku limodzi limene dzanja langa linalephera: 2666 ya Roberto Bolaño, yotuluka mu 2004 mwiniwake atamwalira kale. Gawo lake lachinayi limatchula akazi oposa 100 ophedwa mumzinda wopeka wa Santa Teresa, womwe ndi chithunzi cha Ciudad Juárez ku Mexico, kumene akazi ankaphedwadi kuyambira m'ma 1993. Amalemba mouma ngati lipoti la apolisi: mtembo unapezeka pakuti, anavala zakuti, zaka zake mwina zakuti, mlandu unatsekedwa. Kenako wina. Kenako winanso. Poyamba ndinkanyansidwa. Nditawerenga masamba ambiri ndinazindikira kuti ndayamba kuthamangitsa maso, kufuna kuti mitemboyo ithe ndione nkhani ina. Manyazi anandigwira, chifukwa ndi mmenenso apolisi a m'bukumo ankachitira. Bolaño atati achotse mitembo theka kuti atichitire chifundo, kuzolowera koipako sindikanakumva m'thupi mwanga.

(Sindikuti mukaliwerenge. Ndi lalitali zedi, ndipo palibe mlandu kusiya buku limene likukusowetsani tulo.)

Bwererani kumasamba atatu aja, ngati mtima ukulola. Onani kumene wolembayo waimika diso lake. Kodi wophedwayo anali ndi dzina, mawu, kanthu kena kamene ankakonda, asanasanduke mtembo? Kodi ziganizo zikukoma kwambiri pamene mpeni ukulowa, ngati wolembayo akunyambita milomo? Mukatero mundilemberenso, munditchulire ndi dzina la bukulo, poti mu imelo ija simunalitchule.