Yankho la amalume pa nkhani ya makina okazingira mtedza

Eya, mphwanga, uthenga wako uja ndaumva. Pepa ndachedwa, ndinali ndisanaweruke. Ndiyankhira pagulu pompano chifukwa kulemba kungatalike.

Wati kufakitale kwanu kwa chiponde mukufuna kusiya kukazinga mtedza ndi nkhuni, mugule makina amagetsi, ndiye abwana akuuza kuti ulembe change request, fomu yopemphera chilolezo chosintha kagwiridwe ka ntchito. Ukufunsa ngati ndi nkhani yongodzaza fomu. Ayi, si yongodzaza. Ndipo ndikupemphe chinthu chimodzi poyambirira penipeni, ilembedwe makinawo asanagulidwe. Malo ambiri anthu amasintha kaye, akamva kuti maodita, oyendera aja odzaona ngati mukutsatira ndondomeko, akubwera m'pamene amathamangira kulemba. Pepala lotero lilibe ntchito, chifukwa linayenera kukuganizitsa ndalama zisanatuluke.

Ngati kwanuko mumatsatira ISO 9001 ya 2015, muyezo wapadziko lonse wa kayendetsedwe kabwino ka ntchito, tsegula ndime 6.3, ndi yaifupi kwambiri. Imafuna muganizire chifukwa chimene mukusinthira ndi zimene zingatsatirepo, kuti dongosolo lonse lisasokonekere, kuti anthu ndi zipangizo zilipo, komanso udindo wa ndani ukusintha. ISO 22000 ya zakudya nayonso ili ndi ndime yotere pa nambala yomweyo.

Chifukwa chosinthira sichivuta. Koma usalembe kuti tikufuna zamakono. Tenga mabuku anu, uone mtedza wopserera umene mwataya miyezi itatu yapitayi ndi makilogalamu angati, nkhuni mwagula za ndalama zingati. Manambala anu omwewo.

Pamene ndikufuna ukhalitse ndi pa zotsatirapo. Tamvera. Kukazinga si kwa kakomedwe kokha. Moto umene uja ndi umene umapha tizilombo ngati Salmonella, ndipo mtedza ukangoperedwa n'kusanduka chiponde, tizilomboti timatha kukhala m'mafuta muja miyezi yambiri osafa. Ndiye makina atsopano, kutentha kwake ndi nthawi yake sizingafanane ndi za nkhuni. Amene amakazinga panoyu amadziwa ndi maso ndi fungo kuti wapsa. Mawa adzapatsidwa makina otsekeka, sadzauona mtedzawo. Adzadalira chiyani? Adzadalira choyezera kutentha. Choyezeracho wachitsimikiza ndani kuti chikunena zoona? A MBS, bungwe la Malawi Bureau of Standards, ali ndi nthambi yoona za miyezo, kafunseni. Ndipo poti chiponde chanu chili ndi chizindikiro chawo, muwafunsenso ngati akufuna kudziwitsidwa za kusinthaku.

China chimene anthu amaiwala, ndipo ichi chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi chuku. Poizoni wa chuku, aflatoxin uja, moto wokazingira sumuthetsa. Chimene chimateteza ndi amayi aja osankha mtedza pamanja, ochotsa wowola, wofota ndi wosweka. Tsono makina atsopano akamameza matumba ambiri pa tsiku kuposa kale, osankha aja n'kukhala omwewo, chidzachitike n'chiyani? Adzafulumizitsidwa, ndipo wowola udzadutsa. Ukuona? Mwasintha makina, koma vuto labadwira patebulo losankhira, kumene palibe anakhudzako. Chiponde chimenechi chimadyedwa ndi ana, mphwanga, amayi amathira m'phala. Ndiye pafomupo ulembe bwinobwino ngati pakufunika kuwonjezera osankha.

Magetsinso. Akathima mtedza uli m'kati, batch imeneyo, mtedza wokazingidwa ulendo umodziwo, ipita kuti? Kuikazinganso, kapena kuiika padera? Musadzaganize zimenezo tsiku lomwelo mumdima. Komanso ufunse wamagetsi ngati makinawo amafuna magetsi amphamvu aja a three phase ndipo ngati nyumba yanuyo ili nawo.

Ukatha apo, konza zoyesa. Makina akale musawachotse. Kazingani mabatch angapo pa atsopanowo, lembani kutentha ndi mphindi za batch iliyonse, tumizani zina kulabu, ndipo chiponde choyesacho chisapite kumsika zotsatira zisanabwere. Musanayambe gwirizanani kuti zikatuluka chotani tidzati zatheka, zikatuluka chotani tibwerera ku nkhuni. Mukapanda kugwirizana poyamba, makina atagulidwa kale aliyense amafuna kunena kuti zatheka.

Kenako mapepala ndi anthu. SOP yokazingira, pepala la ndondomeko ya ntchito lija, ilembedwenso, ya kutsuka makina, fomu yolembapo batch, pulani ya HACCP, yoteteza chakudya ku zoopsa, iwunikidwe. Mapepala akale achotsedwe pakhoma. Ndikunena izi chifukwa pamalo pena pamene ndinagwirapo ntchito tinasintha zonse bwinobwino, koma pepala lakale linatsala pakhoma. A shifiti yausiku anatsatira lomwelo, ndipo katundu wa usiku wonse tinamuika padera. Anyamatawo sanalakwe, anachita zimene zinalembedwa pamaso pawo. Ndiye aphunzitsidwe onse, ausiku omwe, ndipo asayine kuti aphunzira.

Pa ntchito iliyonse ika dzina la munthu mmodzi ndi tsiku. Ukalemba kuti a production, palibe adzachite. Ndime 8.5.6 ya ISO 9001 imafunanso musunge umboni wa zimene munapeza powunika, amene anavomereza kusinthako, ndi zimene munachita pambuyo pake. Choncho siginecha ya wovomereza ikhale ndi tsiku la m'mbuyo kuposa tsiku loyamba kugwiritsa ntchito makina. Maodita amayang'ana pamenepo.

Fomuyo usaitseke tsiku limene makina ayamba kulira. Ika tsiku, kaya pakatha mwezi kaya miyezi itatu, lodzatsegulanso mabuku aja n'kuona ngati mtedza wopserera wachepadi, komanso ngati ogula sakudandaula kuti chiponde chasintha mtundu kapena kakomedwe.

Usanalembe chilichonse, mawa kakhale pansi ndi wokazinga uja ndi amayi osankha, uwafunse chimene akuopa pa makinawa. Akuuza zinthu zoti ine sindingazione ndili kuno. Ukalemba, ijambule unditumizire kumbali usanapereke kwa abwana, ndiiwerenga Loweruka. Uwapatse moni amayi ako.