Actuator ikafa ndege ili m'mwamba

Achimwene, mwafunsa kuti ndege imatani ngati actuator, kachipangizo kaja kokankha timapiko towongolera, yafa ili m'mwamba. Zimatengera mmene yafera. Ina imangofooka, ina imalekerera kapiko kumangogwedezeka ndi mphepo. Yoopsa ndi yomwe yakakamira malo amodzi kapena yathawira kumapeto, chifukwa imeneyo imakhala ikukokana ndi woyendetsa mpaka pansi.

Chitetezo choyamba n'kuchulukitsa zinthu. Ndege ya Airbus A320 ili ndi ma hydraulic (mapaipi a mafuta opatsa actuator mphamvu) atatu odziimira paokha, obiriwira, abuluu ndi achikasu. Aileron iliyonse, kapiko ka kumapeto kwa phiko kopendeketsa ndege, ili ndi actuator ziwiri; rudder, kapiko ka kumchira kokhotetsa ndege, ili ndi zitatu.

Koma ine pomwe pamandisangalatsa ndi pa kompyuta. Pali njira ina yongoipanga kuti ipirire zovuta zomwe akatswiri anaziganizira kale, osasintha kanthu. Njira inayo ndi yochenjera: kompyuta imayerekezera zomwe ndege ikuyenera kuchita ndi zomwe masensa, tizipangizo toyeza mmene ndege ikuyendera, akunena. Zikasiyana kwambiri imadziwa kuti penapake pafa, n'kugawira ntchitoyo zotsala. Aileron ya kumanzere ikakakamira, ya kumanja ndi ma spoiler, timapiko ta pamwamba pa phiko, zimasenza mtolowo.

Mutu umauma pa mawu oti "kwambiri". Malire a kusiyanako mukawafupikitsa, kamphepo kongogwedeza ndege kamaoneka ngati actuator yafa, kompyuta n'kuzimitsa chinthu chabwinobwino. Mukawatalikitsa, imadzazindikira ndege itapendekeka kale.

Nanga zonse zikafa? Pa 19 July 1989, injini ya kumchira ya ndege ya DC-10 ya United Airlines inaphulika, zidutswa zake n'kuboola mapaipi a hydraulic onse atatu. Chiwongolero chinasanduka chidole. Woyendetsa wamkulu Al Haynes ndi anzake anaiyendetsa ndi injini ziwiri zotsalazo, kuwonjezera moto kumanja kuti ikhotere kumanzere, ndipo Denny Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa yemwe anali m'ndegemo ngati wapaulendo, ndiye anagwira ma throttle, zogwirira zowonjezera ndi kuchepetsa moto wa injini. Anafika ku Sioux City ku America, koma ndege inasweka potera. Mwa anthu 296 anapulumuka 184.

Injini imachedwa kumva, n'chifukwa chake pamanja zimavuta chonchi. Bungwe la ku America lofufuza za ndege ndi mlengalenga la NASA linapereka ntchitoyi kwa kompyuta, ndipo mu August 1995 woyendetsa wake Gordon Fullerton anatsitsa ndege ya MD-11 pa bwalo la ndege la Edwards ku California ndi mphamvu ya injini yokha, timapiko tonse tili phee.